Epuloni ya Gottlieb Brandhorst

Lamulo la banja la a Brandhorst linali lalifupi: wofuna kutenga fakitale ya mbaula azimange yekha m'chiuno epuloni yachikopa ya Gottlieb, antchito onse akuona.

Gottlieb ameneyu, yemwe anachoka ku Jeremani n'kudzayamba kusula zitsulo mumzinda wa Milwaukee ku Amereka, anali kamunthu koonda ngati msomali. Koma mbaula zitayamba kuyenda malonda, mbumba yake inayamba kufufuma. Mwana wake anakulira masoseji. Mdzukulu wake, Konrad, anakulira masoseji ndi mowa womwe. Tsono mwambo ukamayandikira, akazi a m'banjamo ankasokerera mobisa kachikopa kuzingwe za epuloniyo, n'kukadetsa ndi mwaye kuti kasaoneke.

Mu 1956 singano inagwera Irmgard, mwana wamkazi wa Konrad.

"Uwonjezere chikhatho ndi theka," anatero amayi ake. "Mlongo wako watupako pang'ono."

"Watupa ndi chiyani, amayi? Ntchito?"

"Soka, iwe. Agogo ako anasoka, ine ndinasoka, palibe anafa."

Zaka khumi ndi chimodzi Irmgard anali akuotcheka pang'anjo za fakitaleyo, ndipo chitsulo chikapsa bwino ankachidziwa ndi maso okha. Mlongo wake Waldemar ankafika dzuwa lili pamutu, kudzafunsa ngati nkhomaliro yapsa. Ameneyo ndiye amati akhale bwana.

Irmgard anatenga lumo m'malo mwa singano. Anasomola chikopa cha agogo ake aamuna, anasomola cha bambo ake, n'kuziponya m'chikwama. Kenako anakhala milungu itatu osalawa mbatata, akungoseka yekha pathebulo mpaka amayi ake kumugwira pamphumi.

Tsikulo linali la phwando la antchito kupaki. Malipenga akulira, migolo ya mowa itatsegulidwa, anthu mazana atatu ali pamabenchi. Waldemar anakwera pansanja, anavala epuloni m'khosi, n'kupititsa manja kumbuyo. Zingwe zinathera m'nthiti.

Anakoka mpweya. Anatembenuka ngati galu wofuna mchira wake. Nkhope inafiira.

"Muyeseko pakhosi, bwana wamng'ono," anakuwa Stanislaw, mkulu wa pang'anjo. "Mwina pamenepo zikumana."

"Yafota ndi chinyezi," anatero Konrad, thukuta lili kamukamu. "Chikopa chimafota."

"Sinafote, bambo." Irmgard anali atakwera kale. Anatulutsa zikopa ziwiri zija n'kuzikweza m'mwamba. "Ichi n'cha agogo. Chachikuluchi n'chanu. Mukufuna muyese inuyo poyamba?"

Mabenchi anagwedezeka. Woimba lipenga anatsamwa nalo lipenga lake. Konrad anayang'ana mkazi wake, mkazi wake anayang'ana mitengo.

"Achimwene, vulani musanakomoke," anatero Irmgard.

"Tenga, mfiti iwe," anatero Waldemar, naye akuseka mpaka misozi. "Ine ng'anjo zako zimandipatsa mutu."

Irmgard anavala. Anatulutsa mpweya wonse, anakoka zingwe, n'kumanga kamfundo kakang'ono ngati nyemba. Anatambasula manja kuti onse aone. Kupuma sikunatheke. Gottlieb uja, kaya ankadya chiyani.

"Mkazi sanayendetsepo fakitale ino," anatero Konrad.

"Nanga zaka zonsezi amayendetsa ndani?" anafunsa Stanislaw. "Mphaka?"

Antchito anayamba kumenyetsa makapu pamathebulo, gu, gu, gu. Irmgard sakanatha kuyankha. Mawu onse amene anawasunga zaka khumi ndi chimodzi anali atapanikizika pansi pa chikopa, ndipo mitengo inali itayamba kuzungulira. Anangowatong'olera maso bambo akewo.

Konrad anamuzungulira pang'onopang'ono, dala. Anawerama, n'kuigwira mfundoyo ndi chala. Anavala magalasi, n'kuigwiranso.

"Konrad, mwanayo akubiriwira," anatero mkazi wake.

"Ndikuona." Anavula magalasi. "Yamangika. Fakitale ndi yako, Lolemba sikisi koloko. Tapuma, chitsiru iwe, ungatifere pano."

Irmgard anapuma. Chingwe chinaduka, phwi, kamfundo kaja n'kukagwera m'kapu ya woimba ng'oma. Konrad anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma anthu mazana atatu anali atamva kale, ndipo Stanislaw ndi anzake anali atamunyamula bwana wawo watsopanoyo m'mapewa, iye akukuwa kuti wina amupatse mbatata.