Anasesa Dambo la Namilulu

Masiye ankalonda dambo louma, ndipo anthu a m'mudzi ankamuseka nazo. Ankati alonda anzake amalonda masitolo ku Salima, koma iye amalonda fumbi kuti lisabedwe. Iye sankabwezera mawu. Mkamwini sakula mwendo, ndipo Masiye anali mkamwini pamudzipo, wochokera kumtunda, wodzakwatira Dailes.

Dambo la Namilulu, cha kwa Maganga, kale linkadyetsa anthu. Mtsinje unkatsika kumtunda n'kumwazika m'menemo usanakalowe m'nyanja, ndipo chilimwe chonse anthu ankalima madimba m'mphepete mwake. Kenako kunabwera chitukuko. Anamanga damu lothirira sikimu ya mpunga, mtsinje n'kuduka ngati wina wautema ndi chikwanje. Omanga damuwo sanali ouma mtima kwenikweni, tinene zoona. Analonjeza kuti dambo alibwezera moyo. Anakumba ngalande kuchokera kudamu, anaikapo kageti kachitsulo, anabzala bango ndi milulu, n'kulemba ntchito Masiye kuti aziona ngati zikumera komanso ngati madzi akufika.

Chaka choyamba madzi anafika. Chaka chachiwiri kusikimu anawonjezera minda, kageti kaja kanayamba kuiwalika. Chaka ichi, chilekereni mvula, palibe anakakhudza. Masiye anapita kwa kapitawo wa damu mpaka agalu akumeneko anasiya kumuuwa.

"Ine ndilibe mphamvu, a Masiye," anatero kapitawoyo tsiku lina atatopa naye. "Kukubwera bwana wochokera kulikulu kudzayendera dambo lanulo. Akalipeza likufa, alamula kuti geti litseguke, ndipo palibe angatsutse. Akalipeza lachira, ndiye kuti laima palokha. Geti timata ndi simenti, madzi onse apite kumpunga."

Kunyumba kwa Masiye madzi anali atafika m'khosi. Dimba linali litapsa, chitsime chinkatulutsa matope, ndipo ana ake awiri, Maggie ndi Loveness, anali atayamba kuoneka nthiti. Mlamu wake Lenard, mwinimbumba, amene ankagulitsa nsomba ku Chipoka, anali atabwera kale kudzaona zimenezi. Sanakalipe ayi. Anangokhala pakhonde n'kunena mofatsa kuti, "Alamu, anawa ndi mbumba yanga. Sindingawasiye azifota ndikuona. Bwana wanuyo akapanda kutsegula madzi, ndidzatenga mlongo wanga ndi ana. Kanyumba kanga n'kakang'ono, inu mudzaona kolowera."

Masiye ankawakonda ana akewo kopanda muyeso, ndipo mawu amenewa anamudula chilakolako cha chakudya. Anaona kuti chimene chingamusiyire ana pakhomo ndi chimodzi chokha: bwana uja adzalione dambo mmene lilili, ndi kunyansa kwake konse.

Ndiye anayamba kulonda kunyansako ndi mtima wake wonse. Amayi akabwera kudzathyola bango louma kuti akasonkhere moto, ankawabweza. Ng'ombe ina itafera pamatope omaliza, anakaniza kuti mafupa ake achotsedwe. Milamba imene inaumira m'ming'alu anaisiya pomwepo, akumathamangitsa akhwangwala. Anthu anati mkamwini wa kwa Dailes mutu wayamba kuzungulira.

Uthenga woti bwana afika sabata yotsatira unafikira kwa a Pitala, tcheyamani wa chipani pamudzipo. A Pitala anali munthu wamkulu thupi, wokonda zinthu zolongosoka, ndipo sanali mfiti monga ena ankanong'onezana. Anali wamantha chabe, monga tinalili tonse masiku amenewo. Anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, anyamata a malaya ofiira, ayufi, ataima kumbuyo kwawo.

"Kukubwera mlendo wa boma," anatero a Pitala. "Kodi adzaone mafupa a ng'ombe pamudzi pathu pano? Adzati ndife anthu otani?"

Anthu anavomereza ndi mitu, ndipo ambiri anavomereza ndi mtima womwe. Kwathu kuno mlendo timamuphera nkhuku yomaliza, ana n'kugona ndi njala akumwetulira. Akamabwera wa boma timasesa msewu, timapaka miyala laimu, mbuzi zankhanambo timakazimangirira kuseri. Palibe amene amati tikunama. Timati ndi ulemu.

Masiye anaimirira. "A tcheyamani, ndilankhuleko pang'ono. Mlendoyu akubwera kudzaona matenda. Kodi wodwala amadzola mafuta adokotala akamabwera?"

"Amadzola," anayankha mayi wina kumbuyo. "Amayamba wasamba."

Anthu anaseka. A Pitala sanaseke.

"Tiuzeni bwino, a Masiye, tonse timve. Mukunena kuti chitukuko chapha dambo?"

Kuseka kunathera pomwepo. Funso limenelo linali loti ukaliyankha molakwika, galimoto imabwera kudzakutenga, ndipo abale ako amaleka kutchula dzina lako pagulu. Masiye anayang'ana ayufi aja, anayang'ana mkazi wake amene anali atawerama, n'kukhala pansi.

Ntchito inayamba m'mawa mwake, ndipo kunena zoona sindinaonepo mudzi ukugwira ntchito mogwirizana chonchija. Bango louma lonse analizula n'kulitentha. Mafupa a ng'ombe anawakwirira. Amuna anapita kunyanja kukadula bango laliwisi, mitolomitolo, n'kumalisomeka m'mbali mwa ngalande. Ngolo zinkabwera ndi migolo ya madzi, amayi akutsatira ndi ndowa pamutu, kuthira mpaka nthaka inade, ngalande ioneke ngati madzi adutsamo dzulo. Anasesa ndi dambo lomwe, ndi masache enieni. Anakonza kuyambira pamsewu kukafika pachulu chachikulu, chifukwa anati mlendo wovala bwino sangapitirire pamenepo.

Masiye anangoyendayenda pakati pawo ngati nkhuku yofuna poikira. Anapempha uyu, anapempha uyo. Ena anamutembenukira msana, ena anamuuza mwachifundo kuti apite akapume. Dzuwa lili paliwombo anakumana ndi Dailes panjira, ndowa ili pamutu, madzi akumutsikira m'khosi.

"Nanunso, mayi a Maggie?"

"Ndikanatani? Akuona amene sanabwere."

"Madzi mwasenzawo akuchotsa ana pakhomo."

"Ndikudziwa," anatero Dailes, misozi ikusakanikirana ndi madzi a m'ndowa. "Ulendo uliwonse ndikumadziwa. Koma inu ndinu mlonda, bambo a Maggie. Bwana akakufunsani, mukanene."

"Ndikanena, anditenga. Ndikapanda kunena, achimwene anu atenga ana."

Dailes anakonza nkhata n'kupitiriza ulendo, chifukwa mnyamata wina wa malaya ofiira anali atayamba kuwayang'ana.

Tsiku la mlendo dambo linakongola moti munthu akanalira. Bango linali biriwiri, likugwedezeka ndi mphepo. Miyala ya m'mbali mwa njira inali mbee. Ngakhale akakowa awiri ananyengeka, anadzatera pamatopepo. Amayi anavala zitenje zofanana n'kumaimba, ndipo galimoto itaima anaiyimbira mpaka fumbi lake linakhazikika.

Bwanayo anali a Samueli, munthu wochepa thupi, waimvi pang'ono, wovala majombo amene ankaoneka kuti matope amawadziwa. Masiye ataona majombowo anakhala ndi chiyembekezo. A Pitala anawalandira ndi mawu ataliatali othokoza chitukuko, kenako anati, "Awa ndi a Masiye, mlonda wathu wa dambo. Agwira ntchito yotamandika."

Anayamba kuyenda motsata ngalande, a Samueli patsogolo, a Pitala ndi Masiye pambali, khamu likutsatira chapatali ndi nyimbo. A Samueli sankalankhula zambiri. Ankayang'ana pansi, ankayang'ana bango, nthawi zina ankaima osanena chifukwa. Atafika pachulu, Masiye analimba mtima.

"Bwana, kuseri kwa chuluku kuli kwina koti muone."

"Uko ndi kuminga kokhakokha," anadula a Pitala msanga. "Ndipo chakudya chikuzizira, amayi avutika nacho."

A Samueli anayang'ana chulu, osasuntha. Kenako anatembenukira Masiye. "A mlonda, madzi amafika kuno?"

Nyimbo inali italekeza, ndipo aliyense anamva funsolo. Masiye anaona ayufi atasendera pafupi. Anaona Dailes pakati pa amayi, Loveness ali kumsana, Maggie atagwira chitenje. Mawu anakana kutuluka, ndipo anadzida yekha chifukwa cha mantha akewo. Ndiye anachita chokhacho chimene anatha. Anatsetserekera m'mbali mwa ngalande n'kuloza bango limodzi.

"Bwana, tagwirani ili muone mmene lagwirira."

A Samueli anatsika, anawerama, anagwira bangolo n'kukoka. Linazuka mosavuta ngati udzu wa m'tsache. Kunsi kwake kunalibe muzu ngakhale umodzi, koma bala loyera la chikwanje, losongoka bwino. Anali atafulatira khamu, kotero amene anaona anali atatu okha: iwo, Masiye ndi a Pitala, amene nkhope yawo inachita thukuta nthawi yomweyo.

A Samueli analiyang'ana bala lija nthawi yaitali. Anayang'ana Masiye m'maso. Anacheuka pang'ono kuona amayi ndi ana awo, ndi anyamata a malaya ofiira. Kenako analizikanso bangolo pamene linali, n'kutsendera matope ndi jombo mosamala, mbali zonse.

"Lagwira bwino," anatero mokweza.

Nthungululu zinamveka dambo lonse. A Pitala anapukuta nkhope ndi kampango, n'kuyamba kuomba m'manja mwamphamvu kuposa aliyense.

Masiye sanadye nawo chakudya. Anakadikira pagalimoto, ndipo a Samueli atabwera okha kudzavula majombo, anagwada pafumbi, chinthu chimene sanachitirepo mwamuna mnzake.

"Bwana, mwaona."

"Dzukani, achimwene, anthu akuona."

"Mwaona ndi maso anu. Ndili ndi ana awiri. Geti likamatidwa, akunditengera ana."

A Samueli anapitiriza kumasula jombo, akulankhula motsitsa, osamuyang'ana. "Ndaona. Ndinaona ndisanatsike m'galimoto. Bango la m'dambo silimera pamzere ngati chimanga. Koma ndikakanena kuti dambo lafa, adzandifunsa kuti nanga zobiriwira zimene dalaivala wanga waona n'chiyani. Ndikakati mudzi unanamiza boma, muno mutengedwa anthu. Ayamba ndi a tcheyamani, kenako amayi amene anasenza madzi. Akazi anu sanasenze nawo?"

Masiye anacheukira kumene kunali amayi aja.

"Mukanalisiya louma, ndikanakuthandizani lero lomwe," anatero a Samueli. "Zimenezo ndiye ndinadzera. Pepani, achimwene. Nanenso ndili ndi ana."

Galimoto inapita. Bango lija linakhala lobiriwira masiku ochepa, kenako linachita chikasu, n'kuyamba kugwa lokha. Palibe anabweranso ndi ndowa. Anthu amene anaimba aja ankadutsa pamenepo atayang'ana kumbali, ndipo ena anayamba kunong'ona kuti mkamwini uja ankanena zoona, ngati kuti zoona zakezo angaphikire ana.

Lenard anabwera mwezi usanathe. Sanadzitame kuti ndinanena. Anapereka moni mwaulemu, anakhala pakhonde, Dailes akumanga katundu m'nyumba akulira mosatulutsa mawu. Masiye anapempha kuti adikire mvula. Lenard anamuitana Loveness, anamukweza kamalaya n'kumuonetsa bamboyo nthiti za mwana wake. Masiye sanapemphenso.

Anawaperekeza kumsewu, Loveness ali paphewa pake, dzanja lina atagwira Maggie. Basi sinkabwera tsiku limenelo, koma mwamwayi, monga ananenera Lenard, kunatulukira lole yochokera kudamu, yobwerera yopanda katundu kudzera ku Chipoka. Dalaivala anavomera kuwatenga. Lenard anakwera n'kukokera mlongo wake m'mwamba, ndipo Masiye ananyamula ana ake mmodzimmodzi n'kuwapereka ndi manja ake.

Kumbuyo kwa loleyo kunali fumbi lotuwa ponseponse, ndi mapepala ong'ambika a matumba a simenti. Masiye anadziwa chimene inakatula kudamu. Maggie anali atakhala kale pafumbipo, diresi lake latchalitchi litatuwa.

"Ababa, tadetsedwa," anatero mwanayo.

Masiye anakwera patayala n'kuyamba kumusasa diresi ndi chikhatho, kutsogolo, m'mbali, mobwerezabwereza, fumbi likungosamukira pena. Dalaivala analiza injini. Iye anapitiriza kusasa mpaka tayala linayamba kuzungulira pansi pa phazi lake, ndipo anadumphira pansi.