Kachitsulo Kachinayi

Foni ya malemu Nowa inalira anthu ali mkati mogawa zovala, ndipo mng'ono wake Fredrick anaitola msangamsanga ngati ndi yake.

"Alamu, mundiuze zoona," anatero. "Tizitsulo toyeza nthaka tija m'munda mwanu tilimo tingati?"

"Titatu," anayankha Malita, mkazi wa malemuyo.

"Foni ikuti tinayi."

Tizitsuloto tinabwera ndi alangizi a ku Chegutu chaka chatha. Ukatizika m'munda, tokha timatumiza uthenga pafoni kuti apa pauma, thirirani. Fredrick, amene makasu anasiyana nawo kalekale n'kumakakumba golide ku Chakari, lero anasanduka katswiri wa ulimi. Anamuonetsa Malita kadontho kofiira pafonipo, kutali ndi munda wawo. M'mawa uliwonse pamalopo pamakhala ponyowa, koma chigonereni Nowa m'chipatala ku Kadoma, pangokhala gwaa.

"Achimwene anali ndi nyumba ina," anatero Fredrick motsitsa mawu, koma moti aliyense amve. "Ngati kuli ana, munda uno mugawana. Pakadali pano ndiyambe ndausunga ine."

Malita anamudziwa mlamu wakeyo, ndipo anadziwa kuti munda akausunga iyeyo mudzamera maenje. Komabe mtima unamupweteka. Anakumbukira njinga ya Nowa ija yotuluka mbandakucha, eti kukaona pampu. Zaka makumi atatu akudya mbale imodzi, bambo wa tchalitchi, n'kumabisa zoterezi?

"Tiyeni tikamuone mkaziyo," anatero, akumanga chitenje.

Foni inawadutsitsa kuseri kwa zigafa za fodya zakugwa mpaka kukomboni yakale ya pafamu. Fredrick ankatsogola monyadira. Kumapeto kwenikweni kunali kanyumba, ndi kadimba ka repu ndi tomato wofota. Kachitsulo kaja kanali pakati pa bedi la mbewuzo. Pakhonde panakhala mayi wowonda, mkono umodzi uli lende.

Fredrick anaima chilili. Anali Dyness, mkazi wake yemwe iye anamusiya zaka khumi ndi ziwiri zapitazo mayiyo atangofa ziwalo.

Dyness sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anali pa Malita, amene iye ankamutcha maiguru, kutanthauza mayi wamkulu.

"Maiguru, a Nowa adwala kodi? Sabata ziwiri tsopano osabwera. Mbewu zanga zatha."

Uthenga wa maliro unafika ku Chakari, unafika mpaka ku Harare, koma apa pokha sunafike.

"Anandiuza kuti ndisamavutike kutuma munthu, kachitsuloko kaziwaitana kokha," anapitiriza Dyness. "Repu ameneyu ndi amene ndimagulira ufa wa sadza. Koma anandiletsa kuuza aliyense, ngakhale inu. Akuti zikamveka, mng'ono wawo anthu amuseka."

Fredrick anapereka foni ija m'manja mwa Malita, nkhope ili kumbali. Za munda sanazitchulenso.

Malita anachita manyazi ndi zonse anaganiza panjira, ndipo chisoni chinamugwira koposa cha kumanda. Za imfa amuuza ndithu, koma osati masamba ali chigonere chonchi. Anatola ndowa imene inali pansi pa mpanda.

"A Nowa amatunga kuti madzi?" anafunsa.