Mipeni ya kwa Harry

Tiya analowa m'khitchini atanyamula mipeni itatu yokulunga m'nyuzipepala, n'kuiyala patebulo pamaso pa bambo ake. Anawauza m'Chingerezi kuti ayese. Mtsikanayu anabadwira ku Rotherham konko, m'dziko la Angerezi, ndipo Chichewa ankachimva koma poyankha sichinkatuluka.

Lazarus, bambo akewo, anayesa ndi chala. Mipeni ija inabuntha kalekale, koma tsopano inali yoti munthu n'kumetera ndevu. Sanafunse amene wanola. Ankadziwa kuti ndi Harry, mkulu wa nyumba yoyandikana nayo, yemwe anakalambira pa ntchito yonola mipeni ku Sheffield.

Zinayamba ndi ntchito ya kusukulu. Aphunzitsi anauza ana kuti apeze munthu wachikulire, alembe mawu akale amene akutha. Tiya anasankha Harry. Ntchitoyo inatha, koma iye sanasiye. Loweruka lililonse ankatandala m'shedi ya mkuluyo, n'kubwerako ndi mawu atsopano m'kope. Pa chakudya ankaphunzitsa makolo ake kuti whittle ndi mpeni m'kalankhulidwe ka makedzana, strop ndi lamba wachikopa womalizira kunola, bodkin ndi chisingano chobowolera nsalu. Ankawatchula mokoka ngati mwini wake Harry, maso ali mbee.

Lazarus ankangotafuna. Malemu bambo ake anali wosula zitsulo ku Lizulu. Lazarus anakulira pa mvukuto, akunola nkhwangwa ndi zikwanje pamwala wa kuseri kwa nyumba. Koma mwana wakeyu sanamufunsepo ngakhale liwu limodzi.

Tsiku la mipeni lija, Tiya ananena mosangalala kuti Harry wamuuza kuti ali ndi dzanja la wonola weniweni, ndipo wamulola kumamutchula agogo. Lazarus anasiya kudya. Analamula kuti za kushedi zithe, mayeso ali pafupi.

Mwana atakwera kuchipinda, Aida, mkazi wake, anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Si mayeso ayi, bambo a Tiya. Mukulimbirana mwana ndi nkhalamba yoyendera ndodo?"

"Mwanayu agogo ake ali nawo. Manda awo ali ku Lizulu."

"Munamuuzapo za iwowo?"

Mawa lake pochokera kuntchito Lazarus anagula mwala wonolera. Loweruka anakhazika Tiya patebulo, n'kuyamba kumufotokozera za kusula khasu, za tupa wopalira zitsulo, za mmene agogo ake ankathirira madzi pamwala. Tiya ankabwereza mawuwo mwaulemu, koma maso ake anali pawindo, kumene denga la shedi linkaonekera. Kope silinatsike m'chipinda. Zimenezi zinamuwawa Lazarus kuposa mwana akanangokana.

Sabata yachiwiri Harry anagogoda pakhomo. Anali atavala jekete yake yabwino, akupuma movutikira. Anati wakumbukira mawu ena anayi, ndipo akufuna mtsikanayo awalembe asanamuthawenso m'mutu. Lazarus anamuyankha ali chiimire pakhomo kuti Tiya akuwerenga. Mkuluyo anagwedeza mutu, n'kubwerera pang'onopang'ono atagwira mpanda. Lazarus sanauze munthu aliyense.

Patapita masiku khumi, Harry anagwa m'bafa. Atatuluka m'chipatala sanabwererenso kwake. Mwana wake wamkazi, Annette, anamupezera malo kunyumba yosungirako okalamba ku Hull, kufupi ndi kumene iye amakhala. Anthu anabwera ndi galimoto, nasesa zonse za m'shedi tsiku limodzi.

Annette anafika kudzatsanzika atatenga lamba wachikopa uja, wakuda ndi mafuta a zaka zambiri. Anati bambo ake anena kuti apatsidwe Tiya. Anawonjezera kuti mkuluyo ankadandaula kuti mwina anamukhumudwitsa mwanayo, chifukwa kuyambira tsiku lomwe anabwera kudzamufuna, sanamuonenso.

Tiya anatembenukira kwa bambo ake.

"Anabwera kuno?"

Lazarus anayang'ana pansi. Mtsikanayo sanalire, sanakalipe. Anatenga lamba uja n'kukwera kuchipinda. Masiku anayi athunthu ankangoyankha inde ndi ayi.

Lamlungu potuluka m'tchalitchi, Lazarus sanakhotere njira ya kunyumba. Anatenga msewu wa ku Hull. Tiya ndi Aida anali naye m'galimotomo.

Anamupeza Harry atakhala pawindo, atachepa thupi, bulangete lili m'miyendo. Atangoona Tiya nkhope yake inamasuka ngati ya munthu amene wapeza chinthu chomwe anataya. Anatambasula manja onse awiri. Aida analowa nawo, koma Lazarus anatsalira pakhonde, n'kukhala pampando wapulasitiki.

Chitseko chinali chotsegula pang'ono. Ankamva mawu a mkuluyo akunjenjemera, Tiya akumufunsa kalembedwe ka mawu akale aja, kenako onse awiri akuseka. Kuseka koteroko mwana wake sanasekepo naye chiyambire sekondale. Nsanje inkamutentha chimodzimodzi ngati kale, ndipo anadziwa kuti kutenthako sikutha msanga.

Namwino wina podutsa anamufunsa ngati salowa kukaona wodwala.

"Ayi, ine ndangowabweretsa," anatero Lazarus. Namwinoyo atayamba kuchoka, anamuitananso. "Pepani. Lamlungu likubwerali, alendo mumalola kuyambira nthawi yanji?"