Ndakatulo ya pa Chiliza cha a Yoramu

Januwale aliyense ndimadzilonjeza zinthu ngati munthu wandale. Chaka china ndinati nditulutsa buku la ndakatulo. China ndinati ndizilemba m'mawa uliwonse ndisanapite kokaphunzitsa. Pofika nthawi yokumba mbatata malonjezo amakhala atafota, ndipo mayi akunyumba, a Lufina, anasiya kalekale kundifunsa za buku.

Mu 2009 ndinalumbira china: kusiya kubwereza mizere. Anandiputa ndi a Jasper, mphunzitsi mnzanga kuno ku Mlangeni, amene amawerenga kwambiri ndipo amafuna aliyense adziwe zimenezo. Tsiku lina anawerenga ndakatulo zanga n'kundibwezera ndi zala ziwiri.

"A Fyson, inu simulemba, mumangozungulira ngati mbuzi yapachingwe. Tikachotsa zobwerezazi patsala chiyani?"

Zinandiwawa chifukwa sananame. Kuno ndimadziwika ndi zomwezo. Pa ukwati kaya pa chiliza, ndikamalakatula ndimakhala ndi mzere umodzi wobwerabwera, ndipo anthu akaugwira amandilanda, amayi n'kumavomera. Ine ndinkati ndi luso, a Jasper akuti ndi ulesi.

Ndiye miyezi inatha ndikulimbana ndi mapepala. Ndikangolemba mizere ingapo, woyamba uja unkabwereranso wokha osaitanidwa. Ndinkafufuta mpaka pepala kubooka. Pofika Ogasiti ndinalibe ndakatulo yoti n'kuonetsa munthu, koma mkwiyo wokhawokha, umene ndinkaphwetsera ana osalakwa a Sitandade 6.

M'pamene alamu anga a Malita anabwera kudzanena za chiliza cha amuna awo, achimwene anga a Yoramu. A Yoramu anathera unyamata wawo m'migodi ya ku Joni, n'kubwerako ndi wailesi, jekete ndi chifuwa chimene chinadzawapha. Ine sukulu ndinaphunzira chifukwa cha iwo.

"Alamu, zina achita ena, koma ndakatulo ndi yanu," anatero a Malita. "Pamaliro paja mawu anandithera, sindinawatsanzike. Ndikufuna ndidzavomere nawo mzere wanu, mtima udzakhale pansi."

Ndinamva, inde, koma ndinamva ndi khutu limodzi. M'mutu mwanga munali lonjezo langa. Ndinati achimwene anga sangalandire ndakatulo yaulesi. Ndinakhala pansi n'kuikamo zonse: ulendo wa ku Joni, fumbi la pansi pa nthaka, ng'ombe zimene anagula atabwerako, mmene ankatsokomolera m'tchalitchi. Palibe mzere umene unabwera kawiri. Nditawawerengera a Lufina, anangoti, "Nanga ife tilowera pati?" Ndinawayankha kuti ndakatulo si minibasi.

Tsiku la chiliza, abusa atapemphera ndipo nsalu itachotsedwa pamanda, ndinaimirira. A Jasper analipo, ndinachita kuwaitana ndekha. Ndinayamba bwino, mawu akumveka. Nditamaliza ndime yoyamba ndinaona amayi a kumpingo atakoka mpweya, okonzeka kuvomera. Ine ndinapitirira. Anautulutsa mpweya uja. Ndime yachiwiri chimodzimodzi. Pofika yachitatu mayi wina anali kalikiliki kubereka mwana, azibambo maso ali kumene kunali thobwa.

Ndinapsa mtima. Anthu awa, ndawabweretsera chinthu chimene ndachivutikira chaka chonse, iwo akufuna nyimbo ya ana a sukulu yamkaka. Ndinawerenga zotsalazo mothamanga n'kukhala pansi. Anaomba m'manja mwaulemu, mmene timaombera mlendo wolemekezeka akatalikitsa zolankhula.

A Jasper anabwera kudzandigwira chanza. "Tsopano mwalemba," anatero. Mawu amenewo ndinawadikira kuyambira Januwale, koma atafika sanandikome ngakhale pang'ono.

Anthu atayamba kubalalika kupita kokadya, a Malita anatsalira pamkeka pafupi ndi manda, mpango wopukutira misozi uli m'manja, wouma. Anandikodola, ine n'kukanjuta pambali pawo.

"Mbiri ya malemu mwaifotokoza bwino, alamu, simunasiyeko kanthu," anatero. Kenako anayang'ana anthu amene ankachokawo, nkhope ili ndi nkhawa. "Koma tawauzani amayiwo asapite kaye. Ndakatulo ija muyamba nthawi yanji?"