Chisula cha Atate

Sitiroko itawagwira atate, inawalanda dzanja lamanja ndi Chichewa chonse. M'kamwa mwawo munangotsala Chisula, chinenero cha kuzilumba za ku Indonesia kumene anabadwira. M'Katete monse munalibe wochimva.

Atate, aDuwila, ankagwira ntchito m'sitima zapamadzi. Anatsikira ku Beira, n'kutsatira amalonda mpaka kuno, kumene anakwatira amayi n'kutsegula kashopu ka nsalu pafupi ndi msika. Ndili wamng'ono ankandiphunzitsa mawu akwawo uku akupima zitenje. Amalume aHaruna atamva analetsa.

"Ana ni athu, a kuchikazi," anatero. "Mkamwini ni tambala chabe. Asatisokonezere mbumba na vilankhulo vachilendo."

Atate, pokhala mlendo, anangoti zikomo. Ndiye taonani, amalume omwewo ndi amene tsopano ankandifunsa kuti, "Iwe Aziza, akamba chani atate ako?" Mtima unkandiwira, poti ndi iwowo anandimanitsa Chisulacho.

Atate ankabwereza mawu omwewomwewo, maso ali pa ine, dzanja lamoyolo litagwira chitenje changa. Panali chimene ankafuna. Ndinawabweretsera madzi, mkeka wopempherera, chithunzi cha malemu amayi, koma zonse ankakankha.

Mlongo wanga Yasin anasakasaka pa foni mpaka anapeza mdzukulu wa achemwali awo a atate, namwino wa ku Sanana, kwawo kwa atate. Tinawayandikizira atate foniyo. Mayiyo anamvetsera, kumwetulira kwake n'kumuthera.

"Chimenecho ndi Chisula chakale," anatiuza m'Chingelezi chodukaduka. "Ife tinakula ndi Chimalaya. Ine ndimangodziwa moni ndi mayina a nsomba. Agogo akanamva, koma tinawaika chaka chatha."

Yasin anajambula mawu a atatewo n'kumutumizira namwinoyo kuti akafunsire kumidzi. Tinadikira, atate akufookerafookera.

Kwathu kuno wamkulu akalankhula sasiyidwa chomwecho. Tsiku lina atabwerezanso, misozi ikutsikira m'makutu mwawo, ndinagwada n'kuwomba m'manja.

"Tamva, atate. Tizachita."

Anandiyang'anitsitsa, n'kupuma mozama, n'kusiya chitenje changa. Anandikhulupirira. Sanalankhulenso mpaka tinawaika.

Yankho la ku Sanana linafika maliro atatha. Nkhalamba imene namwino uja anaipeza inati lilime la wodwalayo linali lolemera kwambiri, inangotolapo dzina langa basi.

Mawuwo akadali m'foni. Ndimawamvetsera ndikatseka shopu, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene ndinalonjeza.