Repu Wopanda Mchere

Inali nthawi ya nkhomaliro, mvula itangokata. Madzi akuda anali atadzaza tinjira ta pakati pa nyumba za m'Kanyama. Isaiah Mbewe anakhala pakhomo ndi mbale ya repu, mwana wake Towela, wa zaka zinayi, atatseka pakamwa ndi manja onse awiri.

"Idya, iwe. Kamozi chabe."

"Sinifuna, ba dadi. Vimveka monga uzu."

Mwanayo sankanama. Chimwalirireni mkazi wake Mainess, Isaiah anali asanathirepo mchere m'ndiwo. Pamaliro akuchikazi anamuuza kuti wofedwa sathira mchere mumphika asanamusudzule, apo ayi mwana atupa miyendo. Isaiah anaphunzira mpaka kukoleji ndipo zimenezo sankazikhulupirira. Koma anali ataika kale munthu mmodzi m'manda, ndiye akati atenge paketi ya mchere, dzanja linkabwerera lokha. Tinsomba touma ta kapenta Towela ankadya, poti timabwera ndi mchere wake. Zamasamba ankalavula, ndipo kukiliniki anamwino anali atamukalipira kale bamboyo.

Philomena, mkulu wake wa malemu, anatulukira pakona nsapato zili m'manja, chikwama chachikulu chopanda kanthu chili m'khwapa. Anachokera kudera la Ng'ombe, pafupi ndi kumene ankagwira ntchito m'nyumba za anthu olemera.

"Mulamu, nabwela kutenga mwana. Longani vovala vake."

"Na odi mulibe?"

"Odi wa chani? Onani mikono ya mwana, monga machisi. Bantu ku chechi banifunsa ngati mwana wa Mainess alibe babululu. Imwe bamuna simungalele mwana. Na kumudyesa chabe repu mwakangiwa."

Isaiah anangomupatsa mbaleyo.

"Lawani."

Philomena anatapa ndi zala, n'kulavulira m'madzi.

"Ni vichani ivi? Na mbuzi ingakane!"

"Mulibe muchele. Ndimwe munanilesa."

"Tinalesa imwe, osati mwana! Mukazi aliyense aziba: ngati sufunika kugwila muchele, uitana kamwana, kathila mu poto. Masukulu yonse aya, simuziba ivi?"

Isaiah akakwiya sankakweza mawu. Mawu ake ankatsika mpaka womvera ankachita kuwerama.

"Nine mukazi ine? Ananiuza ndani?"

"Simunafunse."

"Munabwela pano kutenga mashini yosokela ya Mainess. Munabwela futi kutenga vitenge. Munankala pa mupando uyu, munaona mwana alila na mbale iyi. Munaziba, mulamu. Munankala chabe zii, kuyembekeza ayonde kuti mupeze pokambila."

"Musaninamizile ine! Uyu ni mwazi wa mufana wanga. Nimuone afa?"

"Vonisuzula nafunsa kangati? Lyonse ati bamalume bakali ku Katete, bamalume balibe ya basi."

Mayi wa nyumba yoyandikana anali atasiya kuchapa, akumvetsera poyera. Maso a Philomena anali atafiira, ndipo Isaiah anayang'ana kumbali kuti asawaone.

Anabwezera repu mupoto, n'kuika potoyo pambaula. Kenako analowa m'nyumba ndi Towela. Mchere unali pamwamba pa kabati pomwe mwanayo sakanafikira, ndiye anamunyamula m'chiuno n'kumukweza.

"Tenga iwe. Ine sinigwila."

Atatuluka, Towela anaima pafupi ndi mbaula, paketi ataikumbatira pachifuwa. Anapisa dzanja n'kutulutsa chodzaza.

"Yapaka iyo!" anakuwa Philomena. "Pang'ono chabe, iwe!"

"Musiyeni."

Mchere wina unagwera pamakala n'kuthetheka. Wambiri unalowa mupoto. Isaiah anatakasa, anathira madzi pang'ono, n'kupakula. Analawa. Unali wowawa ngati wa pansomba youma, koma nkhope yake sinasinthe.

Towela anatema nsima, anasunsa, anaika m'kamwa. Anakwinya nkhope. Anatafuna, n'kumeza.

"Nine napika," anauza Philomena. "Imwe musadyeko."

Anatemanso, n'kutemanso kachitatu. Kenako anakankha mbale, anapukutira manja pa diresi, n'kupita kukaponya miyala m'madzi.

"Uku ndiye kudya?" anatero Philomena.

"Mailo azadya futi. Mwana sachoka pano."

"Nizauza bamalume vamene mwakamba."

"Bauzeni. Bauzeni futi kuti mwezi uno ukasila basanabwele, nizathila neka. Akatupa mwana muzanipeza pamene pano."

Philomena anaima kanthawi akuyang'ana Towela. Anapinda chikwama chake, anachibwezera m'khwapa, n'kutola nsapato.

"Mu chibwabwa muziikako nshaba," anatero asakumuyang'ana, kunena nkhwani wotendera nsinjiro. "Mainess ali mwana enze kudya chabe cha nshaba."

Isaiah sanathokoze. Anamuyang'ana akuwoloka madzi mpaka anakhota pakona.

Kenako anavundikira poto, anakoka benchi n'kuika pouma. Simbi yamagetsi imene kasitomala anamubweretsera kuti aikonze inali chitsegulire kuyambira m'mawa, mwini wake akuifuna madzulo. Anatenga sikuludiraiva n'kuyamba kumasula waya wopserera.