Ngodya Yakutsogolo ya Bokosi

"Onyamula bokosi ndi asilikali, onse ofanana msinkhu," anatero Gleb akukonza kolala ya yunifolomu yake. Anatembenukira ku kalilole, koma kaliloleyo anali wophimbidwa ndi nsalu chimwalirireni bambo awo. "Nkhani imeneyi inatha kale."

"Muchotsepo mmodzi," anayankha mlongo wake wamng'ono, Taisiya. "Ngodya yakutsogolo ndi ya a Rustam."

Mwana sanyamula bokosi la kholo lake, amanyamula ndi anzake a malemu. Ndipo bambo awo Arkadiy, woulutsa ndege zankhondo amene anadzakhala katswiri wa sayansi n'kupita m'mlengalenga, mnzake weniweni anali Rustam, yemwe anakhala naye miyezi yambiri m'chombo chimodzi. Pobwerera chombocho chinatera kutali ndi pomwe anakonza, ndipo akuluakulu anafuna wom'senzetsa mlandu. Arkadiy anakana kunenera mnzake bodza, komabe mendulo anaveka iye, Rustam anam'vula nyota.

"Mabwana anga onse adzakhalapo, Taya. Ukufuna ntchito indithere pa maliro a bambo anga?"

"Bambo athu. Kapena achimwene anakuberekani ndi a jenerali?"

"Nkhalamba imeneyo ikagwa nalo bokosi."

"Ikagwa tikaidzutsa. Inu munagwada kalekale, palibe wakudzutsani."

Mayi awo, Zinaida, ankangopukuta matambula.

Tsiku la maliro Rustam anatsika basi atavala jekete yothetheka m'zigongono. Msilikali wina anam'tchinga pakhonde. "Agogo, anthu wamba akuima uko."

Taisiya anaima pakhomo, natambasula manja kugwira mafelemu onse awiri.

"Bokosi silituluka."

Oimba malipenga anatsitsa malipenga awo. Jenerali anayang'ana Gleb, Gleb anayang'ana pansi.

"Mtsikana, tikuchedwa," anatero jenerali uja.

"Bambo sakuthamangira kulikonse, bwana. Ngati mwazizidwa, tiyi ali m'khitchini."

Zinaida anafika, nagwira mkono wa mwana wake wamwamuna. "Gleb, amene wagona umoyu si wa boma lero."

Gleb anapita yekha kwa msilikali wa ngodya yakutsogolo, nam'uza kuti apatuke. Jenerali sanam'yang'anenso Gleb.

Rustam analowa, koma sananyamule msanga. Anazungulira bokosi lonse akutsimphina, akukoka chogwirira cha mnyamata aliyense kuona ngati chalimba. Chimodzi chinkagwedera, anachimanga ndi kampeni ka m'thumba. Chake anachiyesa pomaliza.

"Agogo, mukutani?" anafunsa msilikali wa pambali pake monong'ona.

"Ndi mmene ankachitira iyeyu tisananyamuke," anatero Rustam. "Malamba a mnzake kaye, ake pambuyo."

Anaika phewa lake pansi pa ngodya ija. Taisiya anatsitsa manja, napatuka pakhomo.